Tsiku Limene Zelesi Anasiya Fodya M'chigafa

Zelesi anayamba kuchimva chinthucho mu Febuluwale, nyengo yothyola fodya. Sunali ululu woti munthu n'kubuula nawo ayi. Akasenza mtolo wa masamba kuchokera kumunda, pofika pakachitunda ka pafupi ndi chulu, pachifuwa pankamulemera ngati wina wamutsamira. Ankatula mtolowo, n'kuima pang'ono akuyang'ana kudambo, kulemerako n'kumachoka kokha pang'onopang'ono. Kenaka ankasenzanso n'kupitiriza ulendo. Sanauze munthu aliyense. Mayi wolera ana asanu ndi mmodzi, wolima fodya chikwatiwire, angadandaule bwanji ndi kachitunda?

"Ukalamba uwu," ankadziuza choncho. Masiku ena ankati n'chilungulira, n'kusungunula soda m'kapu, n'kumwa.

Mudzi wawo unali pakati pa Chamama ndi Mtunthama, kumene dziko limangoti see, minda kutsatana ndi minda mpaka maso kutopa. Nyumba yoyandikana ndi yake inali ya Fainala, msuweni wake. Awiriwa anakulira pamodzi, analangizidwa tsiku limodzi kumpingo, ndipo kale mchere wa wina unali wa mnzake. Koma panali patatha zaka zitatu asakuchezerana. Akakumana kumjigo ankapatsana moni waulemu, wa "inu", ngati anthu odziwana patali.

Chinawalekanitsa chinali imfa ya a Cornelius, amuna a Fainala. Tsiku lina masana a Cornelius anabwerako kumunda atagwira pamtima, akuti pawathina. Fainala anathamangira kwa Zelesi kukapempha nzeru, ndipo Zelesi, yemwe anali kalikiliki kusoka fodya, anayankha osadzutsa n'komwe mutu: "N'chilungulira chimenecho. Si anadya nyemba dzulo? Uwamwetse soda agone." A Cornelius anamwa soda, anagona. M'mawa mwake zinthu zitafika poipa anawakweza pangolo, koma anatsirizikira panjira, ng'ombe zisanafike n'komwe pamsewu waukulu. Palibe anamuloza chala Zelesi. Fainala sananenepo kanthu, pamaliro ngakhale pambuyo pake. Koma Zelesi sankathanso kumuyang'ana kumaso, ndipo kanjira ka pakati pa nyumba ziwirizo kanamera udzu.

Lachinayi lina mu Epulo, a Levison, amuna a Zelesi, anapalasa njinga m'mamawa kupita ku Chamama kukafuna ziguduli zodindira mabelo. Zelesi analowa yekha m'chigafa kukasankha fodya mame asanaume, masamba akadali ofewa. Imeneyi inali nthawi imene ankaikonda kuposa zonse pachaka. Fodya anali atapachikika m'mikangala mzere ndi mzere, wofiirira ngati uchi, ndipo dzuwa la m'mawa linkalowa m'mipata ya masamba n'kumagwera pamkeka madonthomadontho. Fungo lake linali lotsekemera, lolemera, loti munthu ukakhalitsa mutu umayamba kuyandama. Kunja njiwa zinkalira chakudambo. Zelesi anatambalala, n'kumayala masamba pamiyendo: owala uku, akuda uko, ong'ambika kumbuyo.

Chinthu chija chinabwera ali chikhalire.

Sichinachitepo choncho. Nthawi zonse chinkadikira mtolo ndi chitunda. Lero chinangofika, n'kukhazikika pakati pa chifuwa ngati mwala wa mphero. Zelesi anasiya tsamba lomwe linali m'manja, n'kudikira kuti chipite monga mwa masiku onse. Sichinapite. Chinakwera m'khosi, n'kukagwira nsagwada ngati dzino lobooka, kenaka chinatsikira mumkono wamanzere mpaka m'zala. Pakati pa mapewa panayamba kuwawa. Thukuta linamutuluka, lozizira ngati madzi a mumtsuko, ngakhale kunja kunali kusanatenthe. Anamva nseru.

Anatsamira nsanamira ya chigafa n'kutsinzina pang'ono.

Atatsegula maso, chigafa chinali chitatalika. Mizere ya fodya inkapita kutali, kutali, ngati ilibe mapeto, ndipo masamba onse ankagwedezeka mwakachetechete popanda mphepo. Kuwala kunali kwachikasu paliponse, ngati munthu ali pansi pa madzi a mtsinje nthawi ya dzinja. Njiwa zija zinkamveka ngati zikulirira m'mutu mwake momwemo. Sanachite mantha. Ankangomva kutopa kokoma, kofuna kugona.

Kumapeto kwa mzere wachitatu kunaima munthu atavala jekete yotuwa, chipewa chili m'manja. Ankatikita tsamba pakati pa zala ziwiri, n'kulinunkhiza, monga ankachitira chaka chilichonse akabwera kudzaona fodya wa anzake.

"Wafewa bwino chaka chino, mlamu," anatero munthuyo.

"Wafewadi, a Cornelius," anayankha Zelesi. "Mvula inatikomera."

A Cornelius sanaoneke okwiya. Anangomuyang'ana mwachifundo, n'kupitiriza kuyenda pakati pa masamba, phewa lawo likusisita fodya popanda phokoso. Zelesi anafuna kuwauza kanthu, kanthu kamene anakasunga zaka zitatu, koma mpweya unamuperewera. Anangoitananso, "A Cornelius!"

"Mukuitana yani, amake Angella?"

Mawu amenewa anali a munthu wamoyo. Fainala anali ataima pakhomo pa chigafa, ndowa yopanda madzi ili m'manja. Ankapita kumjigo, ndipo podutsa anamva dzina la malemu amuna ake likutchulidwa m'chigafa cha eni.

Zelesi anayesa kuwongoka. "Palibe. Ndinangowodzera."

Fainala sanachoke. Anamuyang'ana kumaso, n'kuona milomo yotuwa ndi thukuta lili chuchuchu pamphumi. Anaona dzanja lamanja la Zelesi litakunga chibakera pakati pa chifuwa, ndi mkono wamanzere utangoti lende pamwendo. Ndowa inagwa pansi, n'kugubuduzika.

"Pakupweteka pati?"

"Si kanthu. N'chilungu—"

Mawuwo anamuuma pakamwa. Sakanatha kuwamaliza pamaso pa mayi ameneyu. Koma mumtima ankafunitsitsa kuti chikhaledi chilungulira. Miyezi iwiri yonseyi ankamwa soda uja ngati munthu wofuna kutsimikizira dziko kuti soda amachiritsa, kuti zimene ananena tsiku lija sizinali zopha munthu.

Fainala anagwada pamkeka, pamwamba pa fodya wosankhidwa kale, n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri.

"Zelesi, iwe. Usamalize mawu amenewo. Chayamba nthawi yanji?"

Panali patatha zaka zitatu Zelesi asanamve dzina lake m'kamwa mwa Fainala. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Dzuwa lili apo," anatero, akuloza ndi mutu chakunsi kwa mtengo wa mango.

"Chikufika kunsagwada? Kumkono?"

Zelesi anavomera ndi mutu.

"Ndi momwe ankanenera bambo a kwathu. Ndendende. Usadzuke, usayende. Khala chotsamira momwemo."

"A Levison kulibe. Tidikire abwere. Fodyayu auma, aphwanyika..."

"Aphwanyike! Ine ndinadikira kamodzi, sindidikiranso."

Fainala anatuluka akuthamanga, chitenje atachikwinyira m'chiuno, akukuwa dzina la a Tsoka. A Tsoka anali bambo wachikulire wa kuseri kwa tchalitchi, yemwe anasiya kulima fodya n'kugula njinga yamoto yonyamulira anthu. Sipanapite nthawi, njingayo inamveka ikulira m'kanjira ka m'chimanga, n'kudzaima pakhomo penipeni pa chigafa. Awiriwo anamunyamula Zelesi osamulola kuponda pansi, n'kumukhazika pakati. Fainala anakwera kumbuyo, n'kumukumbatira.

"A Tsoka, dzina lanulo mulisiye pompano, mudzalipeza pobwera," anatero Fainala.

"Ndalisiya kale, mayi," anayankha a Tsoka, n'kuliza njinga.

Za ulendowo Zelesi amakumbukira zidutswazidutswa. Amakumbukira msana wa a Tsoka ukununkha petulo ndi sopo. Amakumbukira mapesi a fodya wothyoledwa ataima mbuu m'minda ngati anthu ambirimbiri oonerera. Msewu wafumbi unkaoneka ngati ukuyenda wokha pansi pawo, iwo ataima malo amodzi. Mitambo inali yoyera, yotsika, ndipo nthawi ina anaona ngati njingayo yanyamuka n'kumadutsa pamwamba pa madenga a zigafa, pamwamba pa dambo, ng'ombe zikuoneka ting'onoting'ono ngati nyemba zomwazika pabwalo. Anaona mayi ake, omwe anamwalira kalekale, akupeta mapira m'mbali mwa msewu, osadzutsa mutu. Anaona sukulu yake yakale ili ndi zitseko zobiriwira. Tulo tinkamuitana mokoma.

Koma nthawi iliyonse mutu wake ukagwera kutsogolo, mawu a Fainala ankalowa m'khutu lake.

"Usagone. Tandiuza, mwana wako wachitatu ndani?"

"Paul."

"Wachinayi?"

"Angella... ayi, Angella ndi woyamba."

"Eya, ukadali nafe. Nanga nyimbo ija tinkaimba potola nkhuni inkati bwanji?"

Zelesi sanathe kuimba, koma Fainala anaimba yekha, mawu akunjenjemera ndi mabampu a mumsewu, mpaka anafika pachipata cha chipatala cha ku Mtunthama.

Pakhonde panali mzere wautali wa odwala. Fainala sanauyang'ane n'komwe. Anakuwa ali pabwalo pomwe: "Pamtima! Pamulemera pamtima, chafika kumkono, akutuluka thukuta!" Anamwino awiri anatuluka ndi mpando wamatayala, ndipo anthu a pamzere anapatuka okha.

Dokotala anali mayi wamagalasi, wolankhula mosathamanga, dzina lake a Comfort. Anamugoneka Zelesi chotsamira, n'kumufunsa mafunso afupiafupi uku akumuyeza kuthamanga kwa magazi. Chayamba liti? Chikumveka ngati kubaya kapena kulemera? Anadwalapo zilonda zam'mimba? Alipo mankhwala amene amamuwenga? Atamva mayankho anamupatsa asipirini kuti atafune, osati kumeza chabe. Kenaka anamumata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo kamakina ka pambali kanatulutsa pepala lalitali lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika. Zelesi analiyang'ana n'kuganiza kuti likufanana ndi mapiri a kutali m'mawa kukamacha.

A Comfort analiwerenga pepalalo nthawi yaitali ndithu.

"Mayi, mtima wanu ukusowa magazi," anatero. "Mtima nawonso uli ndi timitsempha take toudyetsa. Kamodzi katsala pang'ono kutsekeka. Tikupatsani mankhwala pompano, kenaka ambulansi ikutengerani kuchipatala chachikulu. Mwachita bwino kubwera msanga. Matenda awa akachedwa, mbali ina ya mtima imafa, ndipo siidzukanso."

"Ine ndimayesa chilungulira," anatero Zelesi motsitsa.

"Ambiri amayesa choncho, makamaka amayi. Nthawi zina chimakhaladi chilungulira. Nthawi zina ndi mnofu wokokeka ndi katundu, kapena chibayo, kapena chifuwa chachikulu. Koma zimenezo simungazisiyanitse muli kunyumba. Ngakhale ine sindingadziwe ndi maso okha, n'chifukwa chake pali makinawa. Pachifuwa pakalemera kapena kuthina kwa mphindi zingapo osasiya, ululu ukamapita kumkono, kunsagwada kapena kumsana, munthu akamabanika, kutuluka thukuta lozizira kapena kumva chizungulire, musadikire kuti kuche. Bola mubwere tikuuzeni kuti n'chilungulira, mubwerere mukuseka." Anaima kaye, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lero ndi koyamba?"

Zelesi anawauza za kachitunda ka pafupi ndi chulu, ndi miyezi iwiri ija.

"Kumeneko kunali kugogoda," anatero a Comfort. "Mtima umayamba wachenjeza munthu akamagwira ntchito yolemetsa, n'kusiya akapuma. Mukanabwera nthawi imeneyo, mwina lero mukanakhala kwanu. Koma mwabwera, tiyeni tiyambire pamenepa."

Fainala anali ataima pakona, manja atapinda pachifuwa, akumvetsera mawu onsewo ngati akuuzidwa iye.

Mu ambulansi anakhala awiri ndi namwino mmodzi. Mankhwala anali atayamba kugwira ntchito, mwala uja utapepukako, ndipo Zelesi ankaona nsonga za mitengo zikudutsa pawindo. Anatembenuza mutu.

"Fainala."

"Usalankhule, upume."

"Ndilankhula. Ndinawapha ine alamu. Ndi pakamwa pangapa."

Fainala anayang'ana botolo la diripi likugwedera.

"Ukuganiza kuti ndinakukwiyira iwe?" anafunsa pomaliza. "Ine ndinali nawo m'nyumba usiku wonse. Ndinkawaona akutuwa. Iwo eni ananena kawiri konse kuti, 'Mayi, ichi si chilungulira.' Ine ndinati tione m'mawa. Ndikakuona iwe ndinkakumbukira zimenezo, ndiye ndinkathawa. Nawe n'kumandithawa. Tinali mbuli tonse awiri, Zelesi. Sitinkadziwa."

"Ndinawaona lero. M'chigafa."

"Anati chiyani?"

"Anati fodya wafewa bwino."

Fainala anaseka, misozi ikutsika. "Ndi iwowo basi. Munthu akufa, iwo ali pa fodya."

Namwino uja anayang'ana kumbali, n'kumakonza diripi yomwe inali bwinobwino.

Zelesi anakhala m'chipatala chachikulu masiku asanu ndi anayi. Masiku oyambirira ankangogona ndi kudzuka, osadziwa ngati ndi m'mawa kapena madzulo, ndipo nthawi zonse akatsegula maso ankapeza Fainala pansi pambali pa bedi, atayala chitenje. A Levison anafika tsiku loyamba lomwelo dzuwa litapendeka, fumbi lili m'mutu, ziguduli zija atazisiya panjira kwa munthu amene sankamukumbukiranso. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Miyezi iwiri, amake Angella? Osandiuza ine?"

"Munali ndi zambiri."

"Zambiri zake ziti zoposa inu?"

Pa zaka zonse za ukwati wawo, bamboyu anali asananenepo mawu otero, ndipo anawanena akuyang'ana pansi ngati wapalamula.

Anatuluka ndi mapaketi anayi a mankhwala, ena akumwa m'mawa, ena madzulo, ndi malangizo olembedwa m'buku lake la kuchipatala. Madokotala anapeza kuti magazi ake ankathamanga kwambiri, mwina kwa zaka zambiri, iye osadziwa. Anamuuza achepetse mchere ndi mafuta, asasenze zolemera, aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, azibwera kudzayezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo asasiye mankhwala ngakhale atamva bwino chotani. Anamuuzanso kuti chinthu chija chikadzabweranso, asadzafunse nzeru kwa munthu, adzangonyamuka.

Fodya uja anamalizidwa ndi a Levison ndi amayi a Mvano, omwe anabwera masiku atatu otsatizana. Anasankha mosakaniza, owala ndi akuda mtolo umodzi, ndipo Zelesi ataona anangopukusa mutu. Soda yemwe anali pawindo anamupereka kwa mpongozi wake kuti aziphikira therere.

Mphamvu zinabwerera mochedwa. Sabata zoyamba ankangofika pamtengo wa mango n'kubwerera. Kenaka anayamba kufika kumjigo, wopanda ndowa, kungopita kukamva nkhani. Amayi akamufunsa, ankawafotokozera zonse mosabisa, akuloza pachifuwa, pansagwada ndi pamkono. Ena ankamvetsera, ena ankati matenda a mtima ndi a anthu onenepa a m'tauni. Zelesi ankangotambasula mikono yake yowonda kuti aione.

Mu Juni kunazizira kwambiri. Tsiku lina masana awiriwo anakhala pakhonde la Fainala, kumbali yowomba dzuwa, akuswa mtedza. Mphepo inkaulutsa makoko pabwalo, nkhuku zikuwathamangitsa. Kutali munthu wina ankawotcha mapesi, utsi ukukwera mowongoka kenaka n'kupindikira kumadzulo. Dzuwa linkamuwomba Zelesi kumsana mokoma, ndipo zala zake zinayamba kuchedwa, kuchedwa, mpaka zinaima. Mutu unatsamira khoma.

Fainala anasiya kuswa. Anamuyang'ana kanthawi, kenaka anasendera mwakachetechete, n'kuika kuseri kwa dzanja lake pafupi ndi mphuno ya mnzakeyo.

"Ndikupuma, iwe," anatero Zelesi osatsegula maso.

"Ndani wakufunsa? Ndimaingitsa ntchentche."

"Mu Juni muno?"

Fainala anabwerera pamalo pake, n'kukokera lichero lonse kwa iye.

"Gona," anatero. "Wotsalawu ndimaliza ndekha."